Imfa m'Chipinda cha Zolanda

Mtembo wa Joakim Ståhlberg unapezeka Lolemba m'mawa m'chipinda chapamwamba cha laibulale ya yunivesite, chimene ogwira ntchito amachitchula kuti Chipinda cha Zolanda. Pachitseko panalembedwa dzina lina laulemu, koma palibe amene ankaligwiritsa ntchito. Mabuku a m'menemo anabwera pa ngolo ndi pa zombo zaka mazana anayi zapitazo, asilikali a Sweden atawatenga m'nyumba za ansembe ndi asisitere ku Poland, ndipo chibwerereni sanaponde kwawo.

Majvor Lindroth, wapolisi wofufuza milandu yakupha, anafika 8 koloko itangodutsa. Ntchitoyi anali atakalamba nayo moti fungo silinamuimitse pakhomo. Laibulale inatsekedwa Lachisanu masana chifukwa cha chikondwerero cha pakati pa chilimwe, ndipo dzuwa linakhala likuwomba pa mawindo aatali aja mpaka Lamlungu.

Mnzake wa ntchito, Kjell Brattström, anali atafika kale, mphuno itapsa ndi dzuwa.

"Wavina mokwanira ku chikondwerero?" anafunsa Majvor.

"Andidumphitsa ngati chule pamaso pa apongozi. Usandifunsenso." Kjell analoza pansi. "Uyu ndiye mkulu wa laibulale yonse. Anabwera chaka chatha kuchokera ku unduna. Mkazi wake amayesa kuti ali ku boti, anzake a ku boti amayesa kuti ali ndi mkazi wake."

Malemuyo anagona chammbali pafupi ndi tebulo lalitali, bala lili kumbuyo kwa mutu. Pambali pake panali chitsulo chakuda chonga njerwa, chimene amapsinjira mapepala. Magazi anali atauma pa matabwa a pansi, koma pakati pake panali malo oyera a ngodya zinayi, ngati pamene pachotsedwa thireyi.

"Apa panagona chinthu," anatero Majvor.

"Buku. Pa tebulo pali khushoni yoikapo buku, koma buku lake palibe."

Dokotala wa apolisi anadzuka pamene anagwada, n'kuvula magolovesi. "Chitsulo n'chimenecho. Kamodzi kokha, Lachisanu masana. Koma sanafe pompo. Taonani mmene dzanja ili lakhulira pansi. Anakhala akupuma ola lathunthu, mwina kuposa. Pakanakhala woitana ambulansi, bwenzi lero akungodandaula mutu."

Chitseko cha chipindacho chinali chakale, chotsegula ndi kiyi wachitsulo, chifukwa lamulo silinkalola kuboola makoma a nyumba imeneyo. Kamera inali pakhomo lalikulu lokha. Khomo la kuseri, la ogwira ntchito, linalibe.

Woyamba kufunsidwa anali a Ebbe Rosander, osamalira mabuku akale. Anali bambo aafupi, aimvi, ovala juzi ya ubweya ngakhale kunja kunali kutentha. Pa laibulalepo anagwirapo zaka pafupifupi makumi anayi. Majvor anawapeza m'kachipinda komwera khofi, atakhala mowongoka, kapu ili patsogolo pawo yosakhudzidwa.

"Ndi buku liti lasowa, a Ebbe?"

"La nyimbo. Analemba pamanja ndi asisitere, zaka mazana asanu zapitazo. Chikuto chake n'cha matabwa okutidwa ndi chikopa, ndipo ulusi wake ndi womwe anasokera iwowo. Palibe munthu analimasulapo. Otere atsala ochepa kwambiri."

"Limakhala pati?"

"Pa shelefu yachitatu kumanzere. Amalitsitsa ndine."

"Lachisanu munalitsitsa?"

"Ndinalitsitsa m'mawa. Joakim anati akufuna kuliona. Ine ndinachoka masana pa basi, kupita kwa mlongo wanga kumudzi."

"Joakim ankakonda mabuku?"

"Ankakonda misonkhano."

"Nanga amene ankalifuna bukuli ndani?"

A Ebbe anayang'ana kapu ija. "Anthu onse a mu nyumba muno akuuzani, ndiye bola ndikuuzeni ndine. Kuli mayi wina wa ku Poland, Dokotala Halina Zaręba. Wakhala akuliwerenga kuno mwezi wonse. Boma la kwawo likufuna kuti libwerere. Lachinayi anakangana ndi Joakim, mawu ankamveka mpaka pa masitepe. Koma si iyeyo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Amadziwa kugwira buku."

Ali panja, Kjell anapukusa mutu. "Umboni wake ndi umenewo? Amadziwa kugwira buku? Nanenso ndimadziwa kugwira foloko, koma keke ya ana ndinaba."

Kamera ya pakhomo inaonetsa Halina Zaręba akutuluka Lachisanu masana, chikwama chachikulu chili paphewa, akuyenda mwachangu. Tikiti yake ya ndege inali ya Lachiwiri. Apolisi anamutenga ku hotela Lolemba lomwelo, ndipo woimira boma pa milandu analola kuti amusunge masiku ochepa. M'chipinda chake sanapezemo buku. M'chikwama chija munali kamera, jekete ya mvula ndi mkate wouma. Kjell sanagwe ulesi. Kwa iye bukulo linali litadutsa kale malire m'galimoto la munthu wina, ndipo pofika Lachiwiri m'mawa manyuzipepala anali atagwirizana naye. Yunivesite ya kwawo kwa Halina inaimba foni kawiri, koyamba kufunsa ngati ali bwino, kachiwiri kudziwitsa apolisi kuti yamuimitsa kaye ntchito.

Majvor anakumana naye m'chipinda chofunsira mafunso chachiwiri, cha mpando wogwedera. Halina anali mayi wazaka za m'ma 40, wowonda, maso atatupa. Chiswidishi ankachiyankhula bwino, koma mothamanga.

"Zaka mazana anayi mwasunga katundu wakuba," anatero asanafunsidwe n'komwe, "ndiye lero wakuba ndine?"

"Ine za zaka mazana anayi sizindikhudza. Ndikufuna za Lachisanu. Munali kuti masana?"

"M'chipinda chowerengera, pansi. Atatseka ndinapita ku hotela."

"Alipo anakuonani?"

"Ndani? Tauni yonse inali kuthengo, itavala maluwa kumutu. Ngakhale pogula chakudya panalibe."

"Lachinayi munakangana ndi Joakim Ståhlberg. Anakana kubweza bukulo?"

Halina anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Akanakana bwenzi zili bwino. Kukana tinazolowera. Iye anabwera ndi nzeru. Anati tigawane. Alimasule bukulo, masamba ena apite kwathu, ena atsale kuno, onse aikidwe m'magalasi, nduna ziwiri zigwirane chanza pa kamera. Anati aliyense akondwa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati bola likhale kuno zaka zina mazana anayi kusiyana n'kulidula. Ndinanenanso mawu ena, koma amenewo musalembe."

"Ndani winanso ankadziwa za kugawanaku?"

"Ebbe. Wodula akanakhala ndani?"

Majvor analemba dzinalo pakona ya pepala. M'kachipinda ka khofi kaja a Ebbe sanatchuleko za kugawana. Anatulutsa chithunzi cha pamalo a imfa n'kuchiika pa tebulo. Ankafuna kuona kumene maso a mayiyo athamangire. Anthu ambiri amayang'ana mtembo, ena amatembenuka. Halina anayang'ana malo oyera a ngodya zinayi aja.

"Linagona m'magazi?"

"Zikuoneka choncho."

"Lachisanu? Ndi kutentha konse kuja?" Anagwira pakamwa. "Ndiye latha. Pofika pano lachita chuku, masamba amatirirana. Amene walitengayo walipha."

"Mukanakhala inuyo mukanatani?"

"Buku lonyowa suthawa nalo, mayi. Umaliika mu firiji tsiku lomwelo, liume gwa ndi chisanu, chuku chisayambe. Zotsalazo umaganiza pambuyo. Aliyense wogwira mabuku akale amadziwa zimenezi, ngakhale mutamudzutsa kutulo."

Majvor anatola chithunzi chija. "Laibulale ino ili ndi firiji?"

"Laibulale iliyonse yodzilemekeza ili nayo."

Majvor anapeza Kjell pa galimoto akudya banzi. "Tikupita kuti?"

"Kukatsegula firiji."

"Wayamba bwino. Ine kwathu yadzadza ndi nsomba zotsala, ukafuna ubwere."

Firijiyo inali kunsi kwenikweni kwa nyumba ya laibulale, kuseri kwa chipinda cha mapaipi. Inali yaikulu ngati kachipinda, yolowamo munthu. Woyang'anira nyumba amene anawatsegulira anati m'menemo amaikamo mabuku ndi mapepala ongoperekedwa kumene, kuti tizilombo tife asanawakweze pa mashelefu. Pa nthawiyo munali makatoni a pulofesa wina wa zomera amene anamwalira m'nyengo yachisanu, ana ake n'kutula zonse pakhomo la laibulale.

Apolisi amene anasecha nyumbayo Lolemba anasuzumiramo, n'kuona makatoni, n'kutseka. Majvor analowa. Kuseri kwa katoni yomaliza, pa shelefu ya pakati pomwe mphepo yozizira imawomba bwino, panali phukusi la pulasitiki. Linagonekedwa chafulati pa kabolodi, lomangidwa ndi tizingwe tiwiri ta nsalu yoyera, mfundo zake zili kumbali kuti zisadinde chikopa. Kupyolera m'pulasitikimo ankaona chikuto chakuda ndi banga lofiirira m'mphepete mwa masamba. Pakati pa masamba onse othimbirira panali pepala loyera lomwa madzi, lililonse lodulidwa mofanana ndi tsamba lake. Pamsana pa bukulo, kamutu ka ulusi umodzi kanatulukira kunja, kodulidwa ndi mpeni.

Kjell anasiya kutafuna. Anawerama, mpweya ukutuluka ngati utsi.

"Wakuba wanji amachita zimenezi?"

"Palibe."

"Iyitu ndi ntchito. Kudula mapepala onsewa, kulowetsa limodzilimodzi. Ola lathunthu."

"Ola lomwe ananena dokotala lija," anatero Majvor. "Tseka chitseko. Usalikhudze. Imbira mlongo wa a Ebbe."

Kjell anaimba ali pa masitepe. Mayi wa kumudziyo anayankha mosabisa, poti sankadziwa kuti pali chobisa. Mchimwene wake amayenera kufika pa basi ya masana, koma anafika pa yamadzulo, mbatata zitazizira, alendo atayamba kuimba. Sanadye. Anangokhala pakhonde, manja ali pa mawondo.

"Tawapeza," anatero Kjell.

"Tapeza munthu amene anachedwa basi. Zidindo za zala zawo zili pa chitsulo, pa buku, pa firiji, pa chilichonse m'nyumba muno, chifukwa ndi ntchito yawo. Loya wabwino adzati anapeza mtembo, anachita mantha, anapulumutsa buku. Ndipo mayi uja adzakhalabe amene anakangana ndi malemu."

"Ndiye?"

"Ndiye anene okha."

A Ebbe anawabweretsa ku polisi Lachitatu m'mawa. Anakana loya. Anakhala pa mpando wogwedera uja, n'kupinda kapepala n'kuika kunsi kwa mwendo wake kuti usiye kugwedera. Majvor anayatsa makina ojambula mawu, n'kutchula tsiku ndi mayina.

"Bukulo talipeza, a Ebbe."

Sanaphethire. "Lili bwanji?"

"Simukufunsa kuti talipeza kuti?"

"Mwalitulutsa?"

"Likadali momwemo. Galimoto la akatswiri opima magazi libwera kudzalitenga masana ano."

Manja a bambowo anasuntha pa tebulo. "Adzalinyamula mu chiyani?"

"M'thumba la umboni, ngati china chilichonse."

"Lisungunuka panjira."

"N'kutheka. Ndi ulendo wautali." Majvor anatsegula faelo yake ngati akufuna pepala lina. "Akafika nalo ayenera kulitsegula ndithu. Pa mapepala amapoperapo mankhwala kuti zidindo za zala zioneke. Pepala limasanduka lofiirira, ndipo silibwereranso. Kenako adula tizidutswa pamene pali magazi. Sadula kwambiri. Ngati chikhadabo, pa tsamba lililonse."

"Simungachite zimenezo."

"Ine sindichita. Achita ndi iwo, ndipo ali ndi chilolezo. Ndili ndi munthu wakufa, mayi wina ali m'chitokosi, ndipo palibe amene akundiuza zimene zinachitika. Ndiye ndifunsa bukulo."

"Magaziwo ndi a Joakim. Mukudziwa kale. Mukufuna kudula chifukwa chiyani?"

"Ndikufuna kudziwa amene analigwira magazi asanaume."

Kjell, amene anatsamira khoma, anayang'ana nsapato zake. A Ebbe anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi juzi, n'kuwavalanso.

"Ndikakuuzani, galimotolo lisabwere."

"Mukandiuza zonse, woimira boma sadzafuna kudula tsamba. Ndimupempha ndekha lero."

"Ndipo lisungunulidwe pang'onopang'ono, m'makina ochotsa madzi. Osati pa tebulo. Halina akudziwa. Mumufunse iyeyo."

"Halina ali m'chitokosi chifukwa cha inu."

"Ndinakuuzani kuti si iyeyo."

"Munandiuza. Yambani."

Anayankhula mosathamanga, ngati akufotokozera ophunzira atsopano. Lachisanu, anthu onse atapita, Joakim anawaitana m'Chipinda cha Zolanda. Buku linali pa khushoni. Anawauza kuti nkhani yatha, akuluakulu a yunivesite avomera, bukulo limasulidwe mwezi usanathe. A Ebbe anakana. Anali atakana kale kangapo, m'misonkhano ndi m'makonde, ndipo nthawi zonse Joakim ankamwetulira n'kunena kuti wamva maganizo awo.

"Tsiku limenelo sanamwetulire. Anali pa changu, boti linkamudikira. Anati, 'Ebbe, inu mwatsala ndi chaka chimodzi kuti mupume pa ntchito. Mukakana, ndiitana kampani.' Ine ndinati palibe kampani yaulemu ingavomere. Ndiye anati, 'Kodi chovuta n'chiyani? Ndi ulusi basi.' Anatenga kampeni kanga pa tebulo."

"Kenako?"

"Anatsegula buku pakati, n'kulikanikiza ndi chigongono. Ndi chigongono, mayi. Msana wake unalira. Analowetsa kampeni, n'kudula ulusi umodzi. Anati, 'Mwaona? Dziko silinathe.' Anawerama kuti adule wachiwiri."

"Chitsulo chinali pati?"

"Pafupi ndi dzanja langa. Chimakhala pomwepo."

"Munafuna kumupha?"

"Ndinafuna kuti asiye." Anaganiza kaye. "Sindinaganize zoti afe kapena asafe. Ndinaganiza za ulusi wachiwiri."

Joakim pogwa anakoka khushoni, buku linagwera pansi, magazi n'kulipeza. A Ebbe analitola, analiika pa tebulo, anatsika kukatenga mapepala omwa madzi ndi lumo, anabwerera. Anagwira ntchitoyo pa tebulo lomwelo. Atamaliza anabwezera kampeni m'kabati, anatsika nalo buku ku firiji, anakhoma chitseko cha chipindacho, anatulukira kuseri.

"Zaka pafupifupi makumi anayi," anatero Kjell, koyamba kuyankhula. "Buku loti si lanu n'komwe. Lolanda."

"Ndikudziwa kuti si langa. Si lathunso. Akanati libwerere lonse, ndikanalinyamula ndekha pa sitima, n'kulira pobwerera. Asilikali aja anali akuba, bambo, koma analibweretsa lathunthu."

"Foni munali nayo?" anafunsa Majvor.

"Inali m'thumba."

"Dokotala akuti Joakim anakhala ndi moyo ola lonse. Munali naye m'chipinda chimodzi."

"Ndinati ndimalize kaye masamba oyambirira, magazi asanalowerere, kenako ndiimbe. Nditamaliza amenewo ndinaona kuti alowa mpaka pakati. Ndinati ndimalize amenewonso." Anayang'ana manja awo. "Nditakweza mutu anali atasiya kupuma."

Majvor anauza Kjell kuti akaimbire woimira boma, Halina Zaręba atulutsidwe, ndipo galimoto la akatswiri lisanyamuke. Kjell anatuluka. Majvor anatsala ndi a Ebbe, makina akadali oyaka. Anawauza mlandu umene awatsekere, ndipo iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa nthawi ya basi.

"Funso limodzi lomaliza, a Ebbe. M'ola limenelo, Joakim ananenapo kanthu?"

"Kamodzi. Anapempha madzi."

"Munamupatsa?"

A Ebbe anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsa zachibwana.

"M'chipinda chimene chija simuloledwa madzi."

Majvor anatchula nthawi, n'kuzimitsa makina.